Yankho kwa mayi wofuna kuoda kunja mankhwala oopsa

Mayi, mwafunsa kuti munthu amayamba bwanji malonda ooda kunja mankhwala a m'malabotale a sukulu, klorini wothira m'madzi ndi mankhwala ophera tizilombo, komanso ngati katundu wotereyu mungamanyamule pamodzi ndi nsalu ndi ziwiya zimene mumaoda kale. Funso lachiwirilo ndiliyankha msanga: musatero, ndipo musamukweze m'basi yonyamula anthu ngakhale atakhala katoni imodzi yokha. Funso loyamba ndi limene likufunika kukhalirapo, chifukwa m'malonda amenewa chimene mumagulitsa si botolo lokha ayi, koma botolo, lebulo lake ndi pepala lofotokoza kuopsa kwake, ndipo zitatuzi ziyenera kuyenda limodzi kuchokera kwa wopanga mpaka kwa mphunzitsi kapena mlimi amene adzatsegule chivindikiro.

Musanapereke ndalama kwa wogulitsa aliyense, mupempheni pepala lotchedwa Safety Data Sheet la mankhwala alionse amene mukufuna. Pepalali lili ndi zigawo 16, ndipo ine ndimayamba kuwerenga chigawo 14, chimene chimanena za kanyamulidwe, kenako chigawo 7 cha kasungidwe, chigawo 10 chonena za zinthu zimene mankhwalawo sayenera kukhudzana nazo, ndi chigawo 4 cha thandizo loyamba. Wogulitsa amene akuzengereza kupereka pepalali ndimamusiya, ngakhale mtengo wake utakhala wokopa bwanji. Pa lebulo pazikhala zithunzi za m'kabokosi ka m'mbali mofiira, monga chigaza ndi mafupa kapena lawi la moto, zimene zinachokera ku dongosolo la GHS lomwe bungwe la United Nations linasindikiza koyamba mu 2003.

Pa nkhani ya kanyamulidwe, katundu woopsa anagawidwa m'magulu 9, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nambala yake ya manambala anayi. Sulphuric acid ndi UN 1830, hydrochloric acid ndi UN 1789, ndipo onse awiri ali m'gulu 8 la zinthu zodya khungu ndi zitsulo. Klorini wa ufa wouma, amene dzina lake lenileni ndi calcium hypochlorite, ndi UN 1748 ndipo ali m'gulu 5.1 la zinthu zokolezera moto. Mapiritsi a aluminium phosphide ophera anankafumbwe ndi UN 1397, m'gulu 4.3 la zinthu zimene zimaopsa zikanyowa. Manambala amenewa si a akasitomu okha ayi. Galimoto ikagubuduzika usiku, ozimitsa moto amayang'ana zikwangwani zake kuti adziwe ngati athire madzi kapena ayi, ndipo kuthira madzi pa mapiritsi aja ndiko kutulutsa mpweya wa phosphine umene umapha.

N'chifukwa chake ndimadana kwambiri ndi chizolowezi cholemba pa mapepala a pamalire kuti "zotsukira" pofuna kuzemba msonkho kapena chilolezo. Katundu aliyense ali ndi nambala yake yomuzindikirira pa mapepala a pamalire, yotchedwa HS, imene manambala ake 6 oyambirira ndi ofanana m'maiko onse otsata dongosololi, ndipo ejenti wokuombolerani katundu muzimupatsa dzina lenileni la mankhwala. Zilolezo muzitenga galimoto isananyamuke. Mankhwala ophera tizilombo amafunika kukhala olembetsedwa m'dziko limene akupita, ndipo ena mwa iwo ali pansi pa pangano la Rotterdam la 1998, limene limafuna kuti dziko lolandira livomereze kaye. Chimene chimadzidzimutsa oyamba kumene ndi chakuti zinthu wamba za m'labotale, monga potassium permanganate, acetone ndi maasidi awiri ndatchula aja, zili pa mndandanda wa pangano la United Nations la 1988 chifukwa ena amapangira mankhwala ozunguza bongo, choncho maiko ambiri amafuna chilolezo chapadera. Mukafika pachipata mapepala ali osakwana, galimoto imakhala pa dzuwa masiku angapo, pamene klorini safuna kutentha. Za katundu wogwidwa n'kuiwalika tinaphunzira mowawa pa 4 August 2020, pamene matani pafupifupi 2,750 a ammonium nitrate amene anakhala zaka pafupifupi 6 padoko la Beirut anaphulika n'kupha anthu oposa 200.

Popakira, muziimirira nokha pambali pa galimoto. Asidi asayandikane ndi klorini chifukwa zikakumana zimatulutsa mpweya wotsamwitsa, ndipo klorini asayandikane ndi mafuta a mtundu uliwonse. Zimenezi ndinaziona ndi maso anga tsiku lina pamene wothandiza dalaivala anaika kachigubu ka mafuta a mabuleki pamwamba pa ndowa ya klorini imene chivindikiro chake chinali chitang'aluka pang'ono. Madontho ochepa okha analowamo, ndipo pasanapite nthawi utsi woyera unayamba kutuluka, ndowa n'kuyamba kufewa ndi kutentha. Mwayi wake tinali tisananyamuke, ndipo tinaikokera pabwalo ndi chingwe isanayake. Kuyambira tsiku limenelo chivindikiro chilichonse ndimachigwira ndi dzanja langa ndisanalole kuti tenti imangidwe.

Koma kumene mtima wanga umakhala kwambiri ndi kusukulu, katundu atafika. Nthawi ina ndikupereka katundu, mphunzitsi wa sayansi ananditsegulira kachipinda kosungiramo mankhwala, ndipo ndinapeza mabotolo oposa makumi awiri amene malebulo ake anali atadyeka, shelefu yachitsulo itachita dzimbiri chifukwa cha nthunzi ya asidi, ndi kabotolo ka sodium kamene palafini wake anali atatsala pang'ono kuuma, pamene sodium amayaka akakhudzana ndi madzi. Mphunzitsiyo anali atazipeza choncho, ndipo anandipempha kuti ndizibwezere kumene ndimaoda. Ndinamva naye chisoni koma sindikanatha, chifukwa mankhwala otha ntchito ndi zinyalala zoopsa, ndipo pangano la Basel la 1989 sililola kuzidutsitsa malire popanda chilolezo cha maiko okhudzidwa. Njira yokha inali yolemba mndandanda wa zimene zinalimo, kutseka chipindacho ndi loko, ndi kudziwitsa akuluakulu oona za chilengedwe.

Kuchokera pamenepo ndinasiya kukakamiza masukulu kugula zambiri. Ndimafunsa kuti pa chaka amagwiritsa ntchito zochuluka bwanji, n'kuwapatsa mabotolo ang'onoang'ono, ngakhale kuti phindu langa limachepa. Botolo lililonse ndimalilemba tsiku limene lafika, pepala lija lofotokoza kuopsa kwake ndimasiya lina kwa mphunzitsi wamkulu, lina m'labotale, ndipo ndimakumbutsa kuti posungunula, asidi ndiye amathiridwa pang'onopang'ono m'madzi, osati madzi mu asidi. Zoyezera kutentha za mercury ndinasiyiratu. Pangano la Minamata la 2013, lotchedwa dzina la mzinda wa ku Japan kumene matenda obwera ndi mercury anadziwika mu 1956, likuchotsa zipangizo zoterezi pamsika, ndipo choyezera chimodzi chikasweka m'kalasi, timadontho take timalowa m'ming'alu n'kumatulutsa nthunzi kwa nthawi yaitali, makamaka wina akasesa ndi tsache.

M'midzi ndi m'matauni vuto lalikulu ndi kugawa mankhwala m'mabotolo a zakumwa. Ogula adzakupemphani kuti muwathirireko pang'ono, ndipo kukana kumaoneka ngati nkhanza, koma mwana akaona botolo lotere pansi pa bedi amamwa osafunsa. Muzioda mapaketi ang'onoang'ono omatidwa ndi wopanga. Mapiritsi a phosphide musagulitse kwa munthu amene alibe maphunziro ake kapena amene amasunga mbewu m'nyumba yogona. Chigubu cha mankhwala ophera tizilombo chikatha chizitsukidwa katatu, madzi ake n'kuthiridwa mu sipuleya, kenako chibooledwe kuti wina asatungire madzi akumwa. Wogula aliyense muzimuuzanso kuti mankhwala akagwera m'maso atsuke ndi madzi oyera kwa mphindi zosachepera 15, kuti amene wamwa asidi kapena palafini asamusanzitse, ndi kuti pothamangira kuchipatala atenge botolo ndi lebulo lake.

Ngati mukufunabe kuyamba, Mayi, sankhani mtundu umodzi wokha, pezani chipinda chouma, cholowa mphepo ndi chokhoma chimene sichili m'nyumba yogona, funsani ofesi yopereka zilolezo m'dziko lanu za mtundu umenewo, ndipo ulendo woyamba mugwiritse ntchito kampani yonyamula katundu imene dalaivala wake ali ndi chiphaso chonyamulira katundu woopsa.