Miyendo ndiyo yafooka, nanga dokotala akufunanji pa lilime?

Mayi wina wandilembera kuti mchimwene wake wa zaka 34 akuvutika kukwera masitepe ndi kudzuka pampando, koma kuchipatala dokotala anakhalitsa pa lilime. Akufunsa ngati dokotalayo sanasokere.

Sanasokere, mayi. Lilime ndi minofu yokhayokha, ndipo matenda a minofu otengera kumtundu salikhudza mofanana.

Choyamba amaliyang'ana lili phee m'kamwa, chifukwa likatulutsidwa limanjenjemera ngakhale mwa munthu wabwinobwino. Likamagwedera ngati muli tinyongolotsi, komanso laphwa m'mbali, vuto limakhala la mitsempha yolamula minofu: spinal muscular atrophy mwa makanda, matenda a Kennedy mwa amuna akuluakulu.

Kenaka wodwala amakankha tsaya ndi lilime, dokotala n'kumakankha ndi chala kunja, mbali zonse ziwiri. Apa ndi pamene pali nkhani ya achimwene anu. Matenda ambiri ofooketsa chiuno ndi ntchafu, a gulu la limb-girdle, lilime amalisiya. Matenda a Pompe oyamba munthu atakula amalifooketsa kawirikawiri, mwiniwake osadziwa, akulankhula ndi kudya bwinobwino. Mu Pompe thupi limaperewera enzyme (chophwanyira shuga wosungidwa) yotchedwa acid alpha-glucosidase, choncho shuga wosungidwayo, glycogen, amaunjikana m'minofu ndi kuiwononga. Kuyeza kwake nkophweka: madontho a magazi owumitsidwa pa pepala, kenaka kutsimikiza pa jini ya GAA, kachidutswa ka chibadwa kolamula kupangidwa kwa enzyme imeneyi. Ine ndimati aliyense wofooka chonchi ayezedwe msanga, pakuti kuyambira 2006 mankhwala alipo, alglucosidase alfa, wolowetsedwa mumtsempha milungu iwiri iliyonse, 20 mg pa kilogalamu. Sachiritsa, koma amachedwetsa kufooka. Afunseni achimwene anu ngati amabanika akagona chagada kapena kudzuka mutu ukupweteka m'mawa. Pompe amagwira msanga mnofu wopumira, ndipo zimenezi dokotala azimve.

Ngati dokotala anaika kathabwa pansi pa lilime n'kuligogoda pamwamba, ankafufuza myotonic dystrophy, matenda amene minofu imachedwa kumasuka ikakungika. Lilime limakwinyika pogogodedwapo, n'kukhala choncho masekondi angapo lisanamasuke. Wodwala wotere amachedwanso kutambasula dzanja akapereka moni, ng'ala imamubwera asanakalambe, ndipo mtima wake uyenera kuyezedwa ndi ECG, makina ojambula kagundidwe ka mtima, chaka ndi chaka.

Zotsatira zikasonyeza Pompe, inunso mukayezetse, mayi: mwana aliyense wa makolo omwewo akhoza kukhala nawo, mmodzi mwa 4.