Njinga yolembedwa 125 yasiya anzake kudambo: ndi luso, sipuloketi kapena buloko?

Kalata yabwera kuchokera kwa wowerenga wina wa ku Ngabu. Anyamata a kabaza anakonza mpikisano wa njinga zamoto kudambo, anagwirizana pakamwa kuti zolowa ndi "za 125 zosasintha", ndipo mphoto inali mbuzi. Mmodzi anasiya anzake onse kutali. Sabata yatha tsopano, mphekesera ili ponseponse yoti mkati anaikamo buloko (silinda yoyendamo pisitoni) ya injini ya 150, pamene mwini wake akuti anangokonzetsa injini itayamba kufuka utsi. Wowerengayo akufunsa ngati amulande mnyamatayo mbuziyo, komanso momwe angalembere malamulo ulendo wina.

Achimwene, chakusokonezani ndi mawu akuti "zosasintha" amenewo. M'chigwa muno njinga ya kabaza imene yagwira ntchito chaka chathunthu n'kukhalabe mmene inachokera m'bokosi mungaisake kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka osaipeza. Fumbi la Okutobala limadutsa siponji ya fyuluta n'kukadya malingi, kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo njinga zambiri zinamwapo madzi amatope nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Injini ikayamba kudya oyilo, makaniko amaboola silinda n'kuikamo pisitoni yokulirapo, kapena amagula buloko yonse yatsopano, ndipo imene wapeza pashelefu tsiku limenelo ndi imene amaikayo. Mukati mutsate mawu anu aja ndendende, aliyense amene analowa mpikisanowo ndi wolakwa, kuyambira woyamba mpaka womaliza.

Komatu kukonza ndi kukuza n'zosiyana, ndipo kusiyana kwake kumayezeka. Njinga zambiri za ku China zimene zadzaza m'masiteji athu zili ndi injini yotengera Honda CG, ija ya timitengo tiwiri tokankha mavavu. Ya 125 silinda yake ndi yotambalala mamilimita 56.5, pisitoni imayenda mamilimita 49.5, zonse pamodzi 124 cc. Ya 150 pisitoni imayenda mtunda womwewo wa 49.5, koma silinda ndi ya mamilimita 62, ndiye 149 cc. N'chifukwa chake chinyengo chimenechi n'chosavuta: kalankishafuti sasintha, makaniko wozolowera amangokweza buloko ndi pisitoni za 150 pa injini ya 125, nthawi zina atakuza pang'ono pakamwa pa kesi, chigoba cha injini chimene buloko imakhalapo. Nambala yodindidwa pa kesi ija, 156FMI ya 125 kapena 162FMJ ya 150, imangonena za kesiyo basi. Zolembedwa m'munsi mwa buloko nazo zimafufutika ndi galayinda. Tsono yerekezerani ndi kukonza kwenikweni. Mapisitoni okonzera amabwera okulirapo ndi mamilimita 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00. Woboola mpaka 0.50 wafika pa 57.0, imene ndi 126 cc. Ngakhale woboola komaliza, pa 57.5, sanafike 129 cc. Wa buloko ya 150 wawonjezera 25 cc, gawo limodzi mwa magawo asanu a injini yonse. Ameneyo asamati anangokonzetsa.

Musathamangire kugamula kuti ndi bulokoyo, chifukwa pali chinthu china chotchipa chimene chimasiya anthu kutali pa dothi, ndipo chili poyera koma anthu sachiwerenga. Ndi masipuloketi, timagudumu ta mano toyendapo tcheni. Njinga ya mano 15 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, injini imazunguza sipuloketi yaing'ono ka 2.67 kuti tayala lizungulire kamodzi. Ikani ya mano 14 kutsogolo ndi 45 kumbuyo, zafika pa 3.21. Mphamvu yokoka pa tayala yakwera ndi gawo limodzi mwa asanu m'giya iliyonse, chimodzimodzi ndi za buloko zija. Kusiyana kwake n'kwakuti wa sipuloketi walipira: pa mtunda wautali wowongoka injini imalira msanga liwiro n'kuthera pomwepo. Koma bwalo lanu likakhala lalifupi, lamakona ambiri, lamchenga ngati wa mumtsinje wa Mwanza nthawi yachilimwe, wa sipuloketi yaikulu amatuluka pakona iliyonse ali patsogolo ndipo pomupezera palibe. Onjezanipo woyendetsa wochepa thupi amene amadziwa kuimirira pa zopondera n'kusiya tayala lakutsogolo lidzipezere njira mumchenga, mupeza kuti mwina mukunamizira munthu wosalakwa.

Vutoli si la ku Ngabu kokha. Mipikisano ikuluikulu ya m'tchire ili ndi gulu la magalimoto a m'sitolo, limene amalitcha stock kapena production, ndipo mkangano wake ndi womwewu. Ku Dakar, mpikisano umene unayambira ku Paris kumapeto kwa 1978 ndipo kuyambira 2020 ukuchitikira ku Saudi Arabia, gulu limeneli Toyota Land Cruiser inalilamulira zaka zambiri. Galimoto za m'gululi sizili mmene zimachokera kwa wogulitsa: mkati amamangamo khola lazitsulo loteteza anthu ikagubuduka, malamba apadera, chozimira moto. Zoteteza moyo amachita kukukakamiza kuti usinthe. Chimene bungwe la FIA, loyendetsa mipikisano ya magalimoto padziko lonse, limagwiritsa pa magulu otere ndi chiganizo chimodzi choikidwa pamwamba pa malamulo onse, chakuti kusintha kulikonse kumene sikunaloledwe polemba n'koletsedwa. Mukalemba mndandanda wa zoletsedwa, makaniko wochenjera adzapeza chimene munaiwala. Mukalemba wa zololedwa, chimene munaiwalacho chaletsedwa kale.

Ndipo ochenjera alipo ngakhale kumene kuli ndalama ndi zoyezera zonse. Mu 1995 magalimoto a mpikisano wa rally wa dziko lonse ankayenera kukhala ndi kampaipi ka mamilimita 34 pakamwa pa turbo (chopopera mpweya mu injini) kochepetsa mpweya wolowa. Gulu la Toyota linapanga koti kakamangidwa pa galimoto kazisuntha pang'ono n'kutsegula mpata wodutsa mpweya m'mbali, koma woyeza akamasula kuti aone, kankabwerera pamalo pake ngati palibe chachitika. Anawagwira ku Catalunya m'dziko la Spain, anawalanda mapointi a chaka chimenecho n'kuwaletsa miyezi 12. Anagwidwa chifukwa panali nambala yolembedwa, 34, ndi munthu wololedwa kumasula galimoto n'kuyang'ana.

Apa ndiye ndiuma mtima. Lamulo limene komiti yanu ilibe njira yoliyezera musalilembe. Limangolanga okhulupirika. Mukalemba kuti kamu, chitsulo chotsegulitsa mavavu, ikhale ya fakitale koma palibe amene angaiyeze, mnyamata woona mtima alitsata, wachinyengo aseka, ndipo inu mwathandiza wachinyengoyo. Malamulo asanu oyezeka ndi vernier (choyezera mamilimita cha amakaniko), sirinji ndi maso aposa masamba atatu okopera pa intaneti. Ndipo olakwa pa nkhani ya mbuziyi, kunena mosapsatira, ndi amene anaitanitsa mpikisano wa mphoto popanda pepala.

Zololedwa ndi zoyezedwa

Gawani magulu potengera silinda, osati zomata pa thanki. Gulu la 125 la injini za mtundu wa CG, silinda isapyole mamilimita 57.5, pamenepo mwalola aliyense wokonzetsa moona, mwatseka wa 62. Njinga za ku India monga Boxer ndi TVS miyezo yake ndi ina, choncho tengani ya m'kabuku ka njingayo n'kuwonjezerapo milimita imodzi. Boxer yolembedwa 150 ndi ya pafupifupi 145 cc, ipite gulu la 150.

Sipuloketi ndi tcheni zisiyeni zaufulu. N'zotchipa, zimaoneka, ndipo amene amanyamula matumba a thonje kapena kukwera ku Chididi anazisintha kalekale chifukwa cha ntchito. Matayala aloleni a mapanga alionse bola limu ikhale saizi yake yomwe ija. Mashoko akumbuyo, zogwirira, mpando, zonsezo lolani. Magalasi ndi keriyala achotse, chifukwa munthu akagwa zimabaya. Kabuleta ikhale ya kukula kwa fakitale, PZ26 pa 125 ndi PZ27 pa 150. Wobwera ndi PZ30 ya pa 200 mumuona ndi vernier pakhosi pa kabuletayo. Jeti, kabowo kodutsa petulo m'kabuleta, musalimbane nayo, aliyense atchune yake. Bokosi la fyuluta ndi siponji yake zikhalepo. Kuchotsa siponji pa fumbi la kuno phindu lake n'lochepa kwambiri, pomwe injini imene imadyetsa banja Lolemba imatha tsiku limodzi. Ekizozi ikhale ndi zamkati zake: lowetsani waya wolimba kumbuyo, ukangodutsa mpaka mkati osagunda kanthu ndiye kuti anakolopamo.

Hedi, chivundikiro cha pamwamba pa silinda, ikapalidwa ndi imene imavuta, chifukwa kunja sioneka. Munthu amapala pansi pa hedi kapena kuika gasiketi yopyapyala kuti mpweya upanikizike kwambiri. Muyezo wake ndi sirinji ya kuchipatala ya mamililita 20. Ikani pisitoni pamwamba penipeni mavavu onse atatseka, pendeketsani njinga kuti bowo la pulagi liyang'ane kumwamba, thirani oyilo wopepuka mpaka afike pansi pa mazinga a pulagi, werengani amene walowa. Pa 124 cc yopanikiza ka 9 muyembekezere pafupifupi mamililita 15.5. Musadalire nambala imeneyo yokha. Yezani njinga zitatu za mtundu womwewo zimene aliyense akuvomereza kuti sizinakhudzidwe, muike malire kuchokera pamenepo. Mukatha popani oyiloyo n'kutchaya kiki kangapo pulagi isanabwerere. Kunena zoona, wopala hedi kuno amadzilanga yekha: pa kutentha kwa Novembala injini yozizira ndi mphepo imayamba kugogoda, ndipo pisitoni imabooka pamutu.

Mafuta nawo ndi nkhani. Petulo wa pa filing'i m'dziko muno ndi wosakaniza kale ndi ethanol, ina mwa iyo yopangidwa konkuno ku Chikwawa kuchokera ku molasesi ya nzimbe za ku Nchalo, pamene wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu simudziwa kuti muli chiyani. Wina amawonjezera ethanol yake poganiza kuti ndi mankhwala a liwiro. Petulo amafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, ethanol amafuna pafupifupi 9, ndiye wothira wambiri osakuza jeti injini imalandira mafuta ochepa, imatentha n'kugwira. Wokuza jeti bwino ndi kupala hedi ndiye amapinduladi. M'malo mofufuza zonsezi, komiti igule petulo pa filing'i imodzi ndi ndalama zolembetsera, aliyense abwere thanki ili youma, amwetsedwe malita ofanana anthu akuona. Za CDI, kabokosi kotumiza moto ku pulagi, chitani chimodzimodzi ngati njinga zili za mtundu umodzi: zonse m'chidebe, aliyense atole mwamaere, adzabwezerane pamapeto. Onetsetsani kaye kuti simukusakaniza za AC ndi za DC, chifukwa sizisinthana.

M'mawa wa tsikulo, njinga ikayezedwa, pakani utoto wa zikhadabo pa manati a hedi, pa mabawuti a kabuleta ndi a ekizozi, mtundu umene komiti yasankha m'mawa womwewo. Mpikisano ukatha, zitatu zoyambirira zisapite kwa eni ake. Zikaime pansi pa mtengo, chingwe chizungulire, wina asakhudze. Perekani mphindi 30 zoti wodandaula abwere, ndipo abwere ndi chikole chokwana gasiketi yatsopano, oyilo ndi ntchito ya makaniko. Injini idikire izizire ndithu, ola limodzi, chifukwa kumasula hedi ya aluminiyamu ili yamoto kumaipinda ndi kudya mazinga. Vernier ikaonetsa kuti njinga ili bwino, chikole n'cha mwini njinga. Ikaonetsa 62, chikole chibwerere kwa wodandaula, mphoto ipite kwa wachiwiri. Popanda chikole aliyense wogonja adzafuna injini ya mnzake itsegulidwe. Makaniko woyeza asakhale amene amakonza njinga ya wina aliyense mwa atatuwo; ngati onse a pa Ngabu ali ndi mbali, itanani wa ku Bangula kapena ku Nchalo.

Kunja kuli njira inanso, yoti wopikisana ali ndi ufulu wogula injini ya mnzake pa mtengo woikidwiratu, kuti munthu aope kuthiramo ndalama zambiri. MotoGP, mpikisano wa njinga zamoto wa dziko lonse, inayesa zimenezi mu 2012 pa mtengo wa mayuro 20,000 injini ndi giyabokosi yake. Kwa ife sindikuilimbikitsa. Njinga zambiri za kabaza ndi za mabwana kapena za ngongole, ndipo mnyamata sangagulitse injini imene si yake. Bwalo likhale kutali ndi M1 ndi njira za ng'ombe, amfumu ndi apolisi adziwe, wopanda helimeti ndi nsapato zotseka asanyamuke, ndipo muyambe 6 koloko kuti pofika 10 mukhale mutamaliza.

Za mbuzi ija, musamulande. Njinga yagona kwa mwini wake sabata yathunthu, ndipo buloko ya CG imasinthika masana amodzi. Mukaitsegula lero n'kupeza 57, odandaula adzati wabwezeretsa usiku. Mukapeza 62, iye adzati waika dzana pokonzekera ntchito. Madzi akatayika saoleka. Lembani pepala la tsamba limodzi, aliyense asaine polembetsa, ndipo mpikisano wotsatira njinga yake ikhale yoyamba kulowa m'chingwe chija, koma muwerenge mano a sipuloketi yake musanafike pa hedi.