Pepala likuti mapapo ali bwinoko, koma amayi akubanika panjira

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akusamalira amayi ake. Amayiwo anawapeza ndi matenda a systemic sclerosis (olimbitsa khungu ndi ziwalo zina zam'thupi) zaka zitatu zapitazo, khungu la m'manja linalimba, ndipo tsopano matendawa afika m'mapapo. Atakayezetsa, dokotala anati muyeso wa mapapo wotchedwa FVC uli pa 75 peresenti ya mlingo woyembekezeka, zomwe sizoopsa kwenikweni. Funso lake linali lakuti: "Nanga bwanji popita kutchalitchi amaima katatu kuti apume? Chikunama n'chiyani, pepala kapena thupi lawo? Kodi tiwaletse kuyenda?"

Achemwali, palibe chimene chikunama. Pepala ndi njira ya kutchalitchi zikuyeza zinthu zosiyana.

FVC ndi kuchuluka kwa mpweya umene munthu amatulutsa akauzira ndi mphamvu zonse m'kachipangizo kotchedwa spirometer, ali chikhalire pampando. Imasonyeza ngati mapapo auma chifukwa cha zipsera. Koma siinena ngati okosijeni akudutsa bwino kuchoka m'mapapo kulowa m'magazi. Zimenezo zimaoneka pa muyeso wina wotchedwa DLCO, ndipo ndikukupemphani mufufuze ngati amayi anayezedwa umenewu. Pa matenda awa, DLCO ikatsika kwambiri pomwe FVC idakali bwinoko, madokotala amakayikira vuto lachiwiri, pulmonary arterial hypertension, lomwe ndi kukwera kwa mphamvu ya magazi m'mitsempha ya m'mapapo. Makina a BP omanga pamkono aja salionetsa. Pamafunika kujambula mtima ndi echocardiogram, ndipo odwala systemic sclerosis amalangizidwa kuunikidwa vutoli chaka chilichonse. Zipsera za m'mapapo ndi vuto limeneli ndi zimene zimatenga miyoyo ya odwala ambiri a matendawa, n'chifukwa chake ndikulimbikira pamenepa.

Palinso muyeso wosavuta umene sufuna makina odula: kuyenda kwa mphindi 6. Wodwala amayenda chauko ndi chauko m'khonde lathyathyathya la mamita 30, namwino n'kuwerengera mtunda, kugunda kwa mtima ndi okosijeni. Nthawi zambiri okosijeni amaoneka bwino munthu ali khale, n'kutsika akangoyamba kuyenda. Komabe muyesowu uli ndi malire ake. Munthu wa systemic sclerosis akhoza kuima chifukwa maondo akupweteka, minofu yafooka, khungu la m'miyendo lakungika, kapena magazi achepa, mapapo asanatope n'komwe. Ndiye amayi akaima, afunseni: "Chakuimitsani ndi befu kapena miyendo?" Yankho lawo ndi lofunika kwa dokotala kuposa mmene mungaganizire.

Chenjeraninso ndi kachipangizo kopana pachala koyezera okosijeni. Zala za odwala ambiri zimazizira n'kusintha mtundu, makamaka m'nyengo ya Juni ndi Julayi, chifukwa timitsempha take timafinyika. Zikatero kachipangizoko kamapereka nambala yolakwika. Ayambe afunditsa manja, kapena ayezedwe pakhutu kapena pamphumi ngati chipatala chili ndi zoyezera zake.

Tsono za kuwaletsa kuyenda, ayi ndithu. Ndikudziwa kuti ndi chikondi chimene chimatipangitsa kunena kuti "khalani pansi amayi, tigwira ndife." Koma munthu akangokhala, minofu imafota, ndipo minofu yofooka imafuna mpweya wambiri pa ntchito yochepa, befu n'kuwonjezeka. Kuyenda sikuchotsa zipsera, FVC mwina siisintha, koma mtunda umene angayende ukhoza kukula. Dokotala akayeza mtima n'kuvomereza, ayambe ndi mphindi 5 kapena 10 pamalo opanda chitunda, masiku angapo pasabata, paliwiro loti akutha kulankhula akuyenda. Kudzuka ndi kukhala pampando kangapo kumalimbitsa ntchafu. Akamva chizungulire, kupweteka pachifuwa, kapena okosijeni akatsika pansi pa 88 peresenti, aime ndipo mukanene kuchipatala. Ngati kuli wa physiotherapy, apempheni akukonzereni ndondomeko.

Mankhwala ochedwetsa zipserazi alipo. Mycophenolate ndi amene amayambira madokotala ambiri, ndipo nintedanib anavomerezedwa ku America mu 2019 atasonyeza kuti amachepetsa liwiro limene FVC imatsikira. Koma chonde musawagulire prednisolone nokha kuti befu lichepe. Pa matenda awa, wochuluka angathe kuwononga impso mwadzidzidzi. Chilungulira nachonso musachinyalanyaze, chifukwa asidi wobwerera kukhosi usiku amatha kulowa m'mapapo. Kwezani kumutu kwa bedi, ndipo atalikirane ndi utsi wa nkhuni kukhitchini.

Nambala imodzi ya FVC siikwanira kutiuza zambiri. Chofunika ndi mmene ikusinthira pakapita miyezi. Ikatsika ndi 10 peresenti kapena kuposa, ndiye kuti matenda akupita patsogolo. Sungani mapepala onse mufayilo imodzi, ndipo gulani kakope kolembamo tsiku, mphindi zimene amayi ayenda, kangati aima, ndi chimene chawaimitsa. Mukatenge kakopeko pa ulendo wotsatira wa kuchipatala, pamodzi ndi funso lija la DLCO ndi echocardiogram.