Ndinamukhululukira, Koma Mtima Ukuwawabe: Kodi Ndipite ku Mgonero?

Mayi wina wandilembera imelo yomwe ndaiwerenga kangapo. Zaka 2 zapitazo mng'ono wawo anawasemera bodza pamaso pa abale, ndipo mpaka lero sanapepese. Iwo akuti anamukhululukira, koma akangomuona mtima umawawa ngati zachitika dzulo. Papita miyezi 8 osadya Mgonero wa Ambuye, poopa kudzidyera chiweruzo. Funso lawo ndi lakuti, kodi munthu wotere ndi woyenera kuyandikira gome?

Mayi, yankho langa ndi lakuti pitani.

Mawu amene akukuopsani ali pa 1 Akorinto 11:27-29. Koma tabwererani pang'ono ku vesi 21 muone chimene Paulo amadzudzula. Ku Korinto ena ankayamba kudya osadikira anzawo, wina n'kuledzera pomwe wina ali ndi njala. Osauka ankachititsidwa manyazi pakati pa mpingo. Kudya kosayenera kunali kumeneko. Paulo sankanena za munthu amene walakwiridwa ndipo akulimbana ndi bala lake. Ndiponso pa vesi 28 akuti munthu adziyese, kenaka adye. Kudziyesako cholinga chake n'chakuti mufike pagome. Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, pa funso 81, amaitana amene akuipidwa ndi machimo awo koma akukhulupirira kuti akhululukidwa chifukwa cha Khristu, ndipo akufuna chikhulupiriro chawo chilimbe. Ndikawerenga kalata yanu, ndikuona munthu woteroyo.

Tsopano za kuwawa kwa mtimako. Ambiri tinakula tikumva kuti wokhululuka amaiwala, ndipo chiphunzitso chimenechi chazunza anthu oona mtima ochuluka. Taganizani za Yosefe. Abale ake anamugulitsa ali ndi zaka 17. Atakwezedwa ku Igupto anabereka mwana n'kumutcha Manase, ponena kuti Mulungu wamuiwalitsa mavuto ake onse ndi nyumba ya bambo ake. Koma abale aja atatulukira kudzagula tirigu, patatha zaka zoposa 20, Yosefe anapita pambali n'kulira. Kodi anali asanakhululuke? Iyayi. Bala linalipobe, chimene chinachoka ndi mtima wobwezera. Mphamvu yowapha anali nayo, iye anawadyetsa.

China chimene ndimachikonda m'nkhaniyi n'chakuti sanathamangire kuwakhulupirira. Anatsekera Simeoni, anabisa chikho m'thumba la Benjamini, mpaka ataona Yuda akudzipereka kukhala kapolo m'malo mwa mng'ono wake. Pamenepo m'pamene anadziulula. Ngakhale Yakobo atamwalira, Yosefe sanapeputse mlandu. Pa Genesis 50:20 anawauza maso ndi maso kuti anamuchitira choipa, ngakhale Mulungu anachisandutsa chabwino. Choncho simukuchimwa mukamanena kuti bodza lija linali bodza, kapena mukamasamala zimene mumamuuza mng'ono wanuyo.

Pali funso limodzi lokha limene ndikupemphani mudzifunse moona mtima. Mukamva kuti zake zikuyenda, kodi mumalakalaka atagwa? Ngati ndi choncho, chimenecho ndiye muulule kwa Mulungu, ndipo chikabweranso mawa muululenso. Ine ndimakhulupirira kuti pamene Yesu anauza Petro kuti akhululuke ka 70 kuchulukitsa ka 7, anadziwa kuti nthawi zina mlandu umodzi womwewo umafuna kukhululukidwa tsiku lililonse ukabwera m'maganizo.

Mwina wina akukumbutsani Mateyu 5:23-24, za kusiya mtulo paguwa. Pamenepo Yesu akunena za iwe amene m'bale wako ali nawe chifukwa. Ngati pa mkangano uja munalankhulapo mawu olasa, pepesani mbali yanuyo, ngakhale ikhale yaing'ono. Akakana kukumverani, Aroma 12:18 akuti mukhale pa mtendere ngati n'kutheka, pa mbali yanu. Kulapa kwa mng'ono wanu simungamulapire.

Lisanafike Lamulungu la Mgonero, kacheze ndi abusa anu kapena mkulu wa mpingo amene mumamukhulupirira, muwafotokozere monga mwandifotokozera ine. Ndikukupemphererani, pamodzi ndi mng'ono wanuyo, ndipo ndidzakondwa mukandilemberanso mutapita.