Mbuzi imalira, mtengo umangofota mwakachetechete

Mdzukulu wanga wandilembera pa WhatsApp kuti agogo, kusukulu tinaphunzira kuti zomera sizimva kuwawa ngati nyama, nde bwanji munandikalipira tsiku lija nditasenda khungwa la mombo kuzungulira thunthu lonse pofuna luzi? Ndiyankha pompano kuti ndi anzako omwe amve.

Aphunzitsi ako sananame ayi mwanawe. Mbuzi ili ndi miyendo, ikamva njala imapita yokha kudambo, ikaona fisi imathawa, ukaimenya imalira mudzi onse nkumva. Mtengo pomwe unamera mpomwepo mpaka kufa, ndipo chakudya suchita kusaka, umadziphikira wokha m'masamba obiriwirawo ndi dzuwa, mpweya ndi madzi ochoka kumizu. Nde tamvera apa, chakudya chimenecho chimatsikira kumizu kudzera munsi mwa khungwa momwemo, iwe ukasenda mozungulira watseka njira, mizu imagona ndi njala, mtengo uoneka bwinobwino miyezi ingapo kenako masamba mbuu, wauma chiimire. Ndinakalipa chifukwa chimenecho, unaupha koma sunadziwe poti sunalire.

Ife potuma ana luzi timati senda mbali imodzi, inayo isiye bala lipole. A sing'anga enieni pokumba mankhwala amadula muzu umodzi nkukwiriranso dothi, sazula chonse. Mitengo ya kumanda sitidulako nkhuni chisawawa, ndipo taona kuti m'midzi yambiri nkhalango yachilengedwe yatsala kumandako basi. Bambo anga polima ankasiya nsangu pakati pa munda, mtengo uja umayoyola masamba nthawi ya dzinja anzake akuphukira, chimanga cha pansi pake chimachita kuda bii ngati wathira feteleza. Ndipo ukadzatema mlombwa udzaone utomoni wake, ofiira ngati magazi enieni, ine ndili mwana ndinataya nkhwangwa nkuthawa.

Nyama nayo ili ndi mwambo wake. Popeza imamva kuwawa, mpeni unole kaye usanagwire nkhuku, mbuzi ya bere sitipha, ng'ombe yapangolo ikatopa imasule imwe madzi osati kumangoikwapula.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi moto wa mbewa uja mumayatsa mu Ogasiti ndi Seputembala. Akalulu athawa, mbalame ziuluka, koma timitengo tating'ono tomwe timayamba kumene kuphuka pa zitsa tipsa tonse tili pomwepo, chifukwa cha mbewa zosadzaza ndi kambale komwe. Mwezi wa Malichi 2023 namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchoka m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe tinalira tonse, ndipo aliyense amene amalidziwa phiri lija kale anakumbuka mitengo yomwe inalipo.

Ukabwera pa holide ya Disembala mvula itagwa, tenga khasu, pafupi ndi mombo unaumitsa uja tikabzalepo mbande ziwiri, ndipo kutchingira ndi minga kuti mbuzi zisadye ikhala ntchito yako.