Mwana wanga wa zoimbaimba akufuna galimoto: ndimupatse ndalama za kachewere?

"Alangizi, ndine mayi wa ku Tsangano kuno ku Ntcheu. Mwana wanga wachisamba ali chaka chachiwiri ku yunivesite ku Zomba, akuphunzira zoimbaimba. Loweruka amakaimba kiyibodi m'maukwati ndi m'zinkhoswe. Wapeza Sienta yoti ena anayendapo kale, ndiye akuti ndimuwonjezere ndalama za kachewere wa chaka chino kuti agule, azinyamulira zida, masiku ena izichita matola. Bambo ake akuti bola galimotoyo, nyimbo si sukulu. Nditani?"

Mayi, ndalama za kachewerezo muyambe mwazigwira kaye. Sindikunena kuti mwanayo ndi wachibwana ayi. Amene ananyamulapo kiyibodi pamiyendo m'minibasi kuchoka ku Zomba, kudzera ku Liwonde ndi ku Balaka mpaka pa Ntcheu boma, kondakitala akulipiritsa sipika ngati munthu, amadziwa chimene chikumupweteka. Vuto lake ndi lenileni, koma mankhwala amene wasankhawo ndi amene ndikuwakayikira.

Anthu ambiri amayesa kuti wophunzira nyimbo amangokhalira kusangalala. Ayi ndithu. M'mawa ali m'kalasi ngati anzake onse, akulemba za mbiri ya nyimbo ndi kuwerenga manotsi. Pamwamba pa izo ayenera kupeza maola ake ake tsiku lililonse, kukhala yekha ndi chida chake, kubwereza kamzere kamodzi mpaka zala zitakazolowera. Madzulo kuli kwaya kapena bandi, ndipo akajomba iye ndiye kuti wagwetsa anzake onse. Mayeso ake ena si apapepala: amaima pamaso pa aphunzitsi n'kuimba. Wa maphunziro ena angathe kuchezera usiku umodzi n'kuloweza zolemba, koma zala sizilola zimenezo. Zikakhala sabata ziwiri osakhudza kiyibodi, zimaulula zokha.

Tsono galimoto yakale imadya maola omwewo. Ndikukumbuka mnyamata wina amene ndinkamulangiza, woimba gitala mogometsa. Anagula kagalimoto ndi ndalama za m'maukwati, miyezi itatu yoyamba anali mfumu. Kenaka giyabokosi inayamba kulira. Nditakamuona, galimoto inali pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba imene ankachita lendi, tayala limodzi litaphwa, masamba atadzaza pagalasi, nkhuku ikuusa pansi pake. Mwini wake anali ku Blantyre kosaka sipeya, sabata yoyeserera mayeso. Gitala uja anamugulitsa kuti alipire makaniko.

Werengerani naye zimene galimoto imafuna ngakhale itangoima. Inshulansi ndi lamulo, COF, chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, nayo imatha n'kufuna kukonzedwanso. Ikayamba kuyenda pali oyilo, matayala, ndi mageti olipiritsa pamsewu wa M1, lina pa Chingeni, lina pa Kalinyeke ku Dedza. Masipeya amachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo yake inakwera nayo limodzi. Nanga petulo akasowa, pamzere uja akagonapo ndani? Mwana wanu yemweyo, kalasi ili mawa lake.

Za matola ndiye musazimvere n'komwe. Kunyamula anthu olipira kumafuna nambala yofiira, chilolezo chake ndi inshulansi yake. Akachita ngozi atanyamula anthu pagalimoto yolembetsedwa ngati ya pakhomo, mlandu wake ungadye munda wonse. Akailembera dalaivala, ndiye kuti mwana ali m'kalasi ku Zomba, mtima uli pa siteji. Mapanga awiri avumbwitsa, mayi.

Bambo akunyumba muwauze mwaulemu kuti nyimbo ndi sukulu ndithu. Kupatula ku Zomba, ku MUST ku Thyolo kuli digiri ya nyimbo za mu Africa, ndipo ku Lilongwe kuli sukulu ya nyimbo ya Music Crossroads. Omaliza maphunzirowa amaphunzitsa, amajambula nyimbo m'masitudiyo, amagwira ntchito ku wayilesi, amatsogolera makwaya, ena ali m'mabandi a polisi ndi asilikali. Wopeka nyimbo akalembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, amalandirako kangachepe nyimbo zake zikamaseweredwa. Komanso mwana wa ku Ntcheu ali ndi chuma chimene anzake a m'tauni amachisirira: ngoma imene imavinidwa pa Umhlangano ku Nkolimbo anakula akuimva, kafukufuku wa chaka chomaliza akamuyambira pakhomo. Sindikunamizani kuti ntchitozi zimapezeka ngati tomato pa Lizulu. Zimalira pepala ndi luso, ndipo zonse ziwiri zikupangidwa panopa, m'zaka ziwiri zatsalazi.

Mukafuna kumuthandiza, yambani ndi fizi ndi chakudya cha semesita yonse, kuti asamavomere ukwati uliwonse chifukwa cha njala. Ndalama zikatsalako, kiyibodi yakeyake yabwino kapena laputopu yojambulira nyimbo zimupindulira kuposa Sienta. Zida zikhale pahayala, ndipo mtengo wa hayalayo aziuika pa ndalama imene akutchaja eni ukwati. Achinyamata ambiri amachita manyazi pamenepa, n'kumanyamula katundu wa mwini phwando ndi thumba lawo.

Mwina m'banjamo mugwirizana zogula basi, poti galimotoyo ingathenso kutsitsa kachewere ku msika. Ngati ndi choncho ikhale ya pakhomo, izikhala ku Tsangano, osati ku koleji. Muganizirenso ngati galimoto yotsika chotero ingapirire misewu ya kwanu nthawi ya dzinja. Kokaiona mupite ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo mufike m'mamawa injini isanalizidwe. Aone utsi, atsegule potsirira oyilo: mukapeza zoyererako ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa mu injini, tembenukani. Chikomekome cha mkuyu, penti yowala isakunyengeni. Nambala ya chasisi ifanane ndi ya pa buluu buku, dzina la pa bukulo lifanane ndi la pa chiphaso cha wogulitsa. Kwanuko malire a Mozambique ali pafupi, choncho mufunse umboni woti msonkho wa MRA unalipidwa. Ndalama yomaliza muperekere ku Road Traffic posintha umwini, nonse awiri mulipo, osadzera mwa madobadoba a panja.

Mwanayo mumutume ntchito iyi: agule kope, semesita ikubwerayi azilemba ukwati uliwonse umene waimba, ndalama imene walandira, imene yapita ku mayendedwe, ndi makalasi amene wajomba. Pa holide abwere nalo limodzi ndi zotsatira za mayeso, mudzakhale pansi atatu ndi bambo ake. Mukadzafuna, mudzanditumizire masambawo tidzawerengere limodzi.