Mafunso Anu: Njinga yopanda mabuleki, munthu nkudyera pomwepo?

A Mkonzi, ine ndimapanga kabaza wa njinga yamoto ku Lilongwe kuno, ndiye mnzanga wandionetsa vidiyo pafoni anthu anayi akuthamangitsana pabwalo la dothi njinga zikuyenda chammbali fumbi lili koboo, akuti ndi speedway ndipo njingazo zilibe mabuleki. Nzoona zimenezi? Nanga munthu angalere banja ndi ntchito imeneyi ngati mmene achitira a mpira?
Wa kabaza, Lilongwe

Achimwene, mnzanuyo sananame. Mabuleki palibe, giya ndi imodzi yokha, injini ndi ya 500cc ndipo samathira petulo koma methanol. Amanyamuka anthu anayi nkuzungulira bwalo kanayi, mphindi imodzi basi zatha, woyamba amapeza mapointi 3, wachiwiri 2, wachitatu 1, wotsiriza amabwerako chimanjamanja. Kuyenda chammbali mwaonako ndiye buleki yawo, pakona amasiya teyala lakumbuyo kuti litsetsereke phazi lakumanzere likukhula pansi, nchifukwa chake kuphazi limenelo amavala nsapato yachitsulo.

Zoti munthu nkudyera pomwepo, eya amadya ndithu, koma musafanizire ndi mpira. Wa mpira timu imampatsa zonse, pomwe wa speedway ali ngati inuyo mukakhala ndi njinga yanuyanu, amagula yekha njinga zingapo, mainjini a GM kapena Jawa amalipira yekha akapita kokakonzetsa, makaniko ndi ake, galimoto yonyamulira katundu ndi yake, ndiye gawo lalikulu la malipiro limawerengedwa pa pointi iliyonse yomwe wapeza. Tsiku lomwe injini yakana kapena wagwa pa mpikisano woyamba ndiye kuti mafuta aja awonongeka ulele. Nchifukwa chake ambiri amasayina matimu a mayiko awiri kapena atatu nthawi imodzi, Lamlungu ali ku Poland komwe kuli ligi ya Ekstraliga yolipira bwino kuposa onse, Lolemba ali ku England, Lachiwiri ku Sweden, tulo take ndi tam'galimoto ndi pabwalo la ndege kuyambira cha mu March mpaka October.

Ndikupatseni chitsanzo cha Tai Woffinden poti nkhani yake ine imandikhudza. Anabadwira ku Scunthorpe ku England mu 1990 koma anakulira ku Perth ku Australia, bambo ake a Rob nawonso anali okwera speedway ndipo ndi amene anamuyambitsa ali mwana. Anabwerera ku England nkuyamba mu 2006 m'timu ya Scunthorpe, kenako Rye House, kenako Wolverhampton mu ligi yayikulu. Chaka cha 2010 chomwe analowa koyamba mu Grand Prix, mpikisano wa dziko lonse, ndi chaka chomwecho bambo ake anamwalira ndi khansa, mnyamatayo asanakwane ndi zaka 20 zomwe, ndipo zinamukanika moti anatuluka mumpikisanowo. Anthu ambiri pamenepo akanangopachika chipewa basi. Iye anabwereranso mu 2013 nkutenga ukatswiri wa dziko lonse ali ndi zaka 23, chonsecho chaka chimenecho anathyoka fupa la paphewa kawiri konse koma ankakwerabe choncho poti mukaphonya mpikisano umodzi anzanu sadikira. Anatenganso mu 2015 ndi 2018, palibe wina wa ku Britain anatengapo katatu.

Koma pali mbali ina yomwe mavidiyo a pafoni saonetsa kawirikawiri. Mu March 2025 Woffinden yemweyo anachita ngozi yoopsa ku Krosno ku Poland mpaka madokotala anachita kumugoneka tulo ndi mankhwala kwa masiku angapo atathyoka mafupa ambirimbiri. Darcy Ward wa ku Australia yemwe anthu ankati ndiye katswiri wamawa anagwa ku Zielona Góra mu 2015 ali ndi zaka 23 ndipo anafa ziwalo za kumunsi. Lee Richardson wa ku England anamwalira mu 2012 atagwa ku Wrocław. Masiku ano m'makona amaika mipanda yopopa mpweya kuti munthu akawombako asavulale kwambiri, yathandiza ndithu koma njinga ikadali yopanda mabuleki yomwe ija. Ndiye chonde achimwene, musakayese kutsetsereka kuja pamsewu wa tala ndi njinga yanu ya kabaza, yanuyo anaipangira zina, ndipo kumbuyo kwanu mumakhala mwanyamula mayi wa wina.

*

A Mkonzi, pa speedway pamenepa ngwazi yoposa onse ndi ndani?
Mayi wa ku Wolverhampton

Mayi, mukafunsa a ku Sweden akuuzani Tony Rickardsson yemwe anatenga ukatswiri wa dziko lonse ka 6 pakati pa 1994 ndi 2005, a ku Poland akuuzani Bartosz Zmarzlik yemwe anayamba kutenga mu 2019 ndipo pofika 2025 nayenso anali atakwanitsa ka 6. Ine mtima wanga uli pa Ivan Mauger wa ku New Zealand. Anafika ku London mu 1957 ali ndi zaka 17, ankathandiza ntchito zosamalira bwalo la speedway la Wimbledon kuti apeze ya chakudya, sizinamuyendere anabwerera kwawo, nkudzabweranso mu 1963 ku Newcastle atakhwima. Anatenga mu 1968, 1969, 1970, 1972, 1977 ndi 1979, komaliza ali ndi zaka pafupifupi 40. Atatenga katatu motsatizana anthu omukonda a ku America anaikuta njinga yake ndi golide, ndipo inakasungidwa ku Canterbury Museum kwawo ku Christchurch.